Nkhalango ya Dzalanyama ndi Madzi a mu Lilongwe

1. Nkhalango ya makolo

Dzalanyama ndi mapiri amene ali m'malire a Malawi ndi Mozambique. Nkhalango yake yakhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji. Makolo a Achewa ankati anthu oyamba anatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri omwewa. Mu 1922 boma la atsamunda linalengeza kuti nkhalangoyi ndi yotetezedwa. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000. Muli mitengo ya mombo, tsamba, muwanga ndi msuku.

2. Madamu a ku Malingunde

Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalangoyi. Mu 1966 anautseka ku Malingunde, n'kupanga damu loyamba la Kamuzu. Mu 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe. Anthu anachuluka, madzi n'kuyamba kuperewera. Mu 1989 anamanga damu lachiwiri. Madamuwa amasunga madzi a dzinja kuti mzinda umwe m'chilimwe. Bungwe la Lilongwe Water Board limawasefa, limathiramo mankhwala, kenako limawatumiza m'mipopi.

3. Ntchito ya mitengo

Mvula ikagwa m'nkhalango, imayamba yamenya masamba. Imafika pansi yopanda ukali. Zinyalala za masamba zimaiyamwa, mizu n'kuitsegulira njira yolowera m'nthaka. Madziwo amatuluka pang'onopang'ono mu akasupe, mpaka mwezi wa Okutobala mtsinje ukuyendabe.

Phiri likakhala lambee, madzi amangothamanga atanyamula dothi. Dothilo limakakhazikika pansi pa damu, malo a madzi n'kuchepa. Madzi amatope amafunanso mankhwala ambiri kuti ayere.

4. Makala

Mzinda utakula, mabanja ambiri anadalira makala pophika. Anthu analowa m'Dzalanyama ndi nkhwangwa, n'kuyamba kuotcha mauvuni. Matumba a makala ankapita m'tauni pa njinga ndi pa malole. Wootcha ankafuna ndalama ya ufa ndi fizi ya ana. Wogula ankafuna moto wophikira nsima. Koma mtengo umene unaphika nsimayo ndi womwewo unkasunga madzi a mu mpopi wake.

5. Boma lichitapo kanthu

Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, ndipo Lilongwe Water Board inathandiza ndi ndalama. Mu 2016 dziko la Japan, kudzera m'bungwe la JICA, linayamba kugwira ntchito ndi Dipatimenti ya Zankhalango pa Dzalanyama. Mu 2020 lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso, zilango n'kukhwima. Kuotcha makala popanda chilolezo ndi mlandu.

6. Mbali yathu

Mfuti yokha singasunge nkhalango. Malinga m'tauni akugula makala, m'phiri nkhwangwa sizisiya kulira. Mbaula yosatha nkhuni zambiri imapulumutsa mitengo. Mitengo ya pakhomo imatipatsa nkhuni pafupi. Ulimi wa njuchi umabweretsa ndalama mtengo uli chiimire. Zitsa za mombo ndi tsamba zimaphukanso tikaziteteza ku moto wolusa. Tilambule njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse, ndipo mafumu ndi makomiti a m'midzi atsogolere ntchitoyi.

Mafunso okambirana

1. Kodi mtsinje wa Lilongwe umayambira kuti?
2. Dothi likadzaza damu, chimachitika n'chiyani?
3. Madzi amene mumamwa kwanu amachokera kuti, nanga akuwasamala ndani?