Zopinga pa Mpikisano wa Njinga Zam'mapiri

Zopinga ndi malo ovuta, achilengedwe kapena omangidwa mwadala, amene wopalasa amadumpha kapena kudutsapo panjira ya mpikisano wa njinga zam'mapiri.

Chiyambi: Masewerawa anayambira ku Marin County, California, m'zaka za m'ma 1970. Bungwe loyang'anira masewera a njinga la UCI linachititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse ku Durango, Colorado, mu 1990.

Mitundu: Tabletop ndi chulu chadothi chophwathalala pamwamba, ndipo wolephera kuchidumpha chonse amatera pamwambapo. Gap ili ndi mpata pakati pa podumphira ndi potera, choncho ngozi yake ndi yaikulu. Drop ndi phompho lalifupi. Rock garden ndi chigawo chodzaza miyala.

Chitetezo: Opikisana amayendera njirayo wapansi, kenako amayeserera asanapikisane. Pampikisano wotsetsereka phiri amavala chisoti chophimba mutu ndi chibwano, ndipo ambiri amawonjezera magolovesi ndi zotchingira mawondo ndi msana. Pambali pa zopinga zoopsa pamakhala njira yolambalala, yotalikirapo koma yosavuta. Mabuleki amagwidwa munthu asanafike podumphira. Wogwa amachoka msanga potera, koma wovulala khosi kapena msana sasunthidwa mpaka achipatala atafika. Oyang'anira njira amachenjeza ndi wezulo ndi mbendera. Mbendera yofiira imaimitsa opikisana. Oonerera amaima kunja kwa zingwe zamalire.

Onaninso: downhill, cross-country, enduro.