Uta, Ukonde ndi Mfuti: Mbiri ya Ulenje Pakati pa Mapiri a Blantyre

Munthu woyenda lero pa msewu wa Masauko Chipembere, kuchokera ku Limbe kutsikira ku Blantyre, akafika pa Chichiri pamene pali bwalo la masewera la Kamuzu, bwalo lalikulu la milandu ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, sangavomere msanga atauzidwa kuti dziko lonseli, lozingidwa ndi mapiri a Ndirande, Soche, Mpingwe ndi Michiru, linali tchire la misuku ndi mombo m'mene mbawala, agwape ndi nguluwe zinkatsikira kukamwa mu Mudi ndi mu Naperi, ndipo nyalugwe ankazitsata pambuyo. Koma zinalidi chomwecho pamene amishoni a ku Scotland anamanga misasa yawo m'dziko la Mfumu Kapeni m'chaka cha 1876. Nyamazo zinapita, ndipo chimene chiyenera kutimvetsa chisoni koposa n'chakuti pamodzi nazo panapitanso nzeru ndi mwambo wa anthu amene ankazisaka.

Makolo athu sankayesa nyama chinthu chongotola. Nthano ya ku Kaphirintiwa imatiuza kuti pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, kufikira tsiku limene munthu anapeka moto natentha tchire. Pamenepo galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, nyama zina zonse zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba. Anthu okula ndi nthano yotere ankadziwa kuti mlenje akamalowa m'thengo akulowa kwa eni ake, ndi kuti mwazi wa nyama sukhetsedwa mwachibwana.

N'chifukwa chake uzimba unali ndi malamulo ake. Unkachitika dzinja litapita, chimanga ndi mapira zili m'nkhokwe, udzu utauma, makamaka kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala. Ndipo sunkayamba ndi munthu wamba, koma ndi mfumu kapena mwini tchire, amene ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, kupempha mizimu kuti itsegule thengo ndi kusunga anthu ake. Usiku wa tsikulo amuna ankagona padera, akazi otsala kumudzi nadzisunga, pakuti ankakhulupirira kuti chodetsa cha m'nyumba chimakapweteka munthu kuthengo. Kutacha, lipenga litalira, ena ankatchera maukonde a bwazi kumene nyama zimathawira, ena ankafunga kumanja ndi kumanzere atanyamula mauta, nthungo ndi zibonga, pamene anyamata ndi agalu ankadza pambuyo pa moto akukuwa. Nyama ikagwa, mwini wake anali woyamba kuilasa, ngakhale wotsiriza atakhala wina. Wothandiza ankalandira gawo lake, mfumu inkalandira mwendo, ndipo pakabuka mkangano akulu ankazula muvi nauyang'ana, popeza munthu aliyense ankadziwa mivi yake. Tisabise kuti moto wa uzimba unkapsereza zambiri. Komabe tchire limodzi linkatenthedwa kamodzi pachaka, ndipo wolitentha nthawi isanakwane ankapalamula mlandu kwa mwini wake.

Panalinso ulenje wina, wa munthu mmodzi kapena awiri, umene unali luso lenileni la mpalu. Iyeyu ankalawira mame asanakamuke, nawerenga pansi zonse zimene usiku unalemba: phazi la mbawala lakuthwa m'mbali ndilo la posachedwa, ndowe zofunda zikuti nyama ili pafupi, udzu wopindika ukuloza kumene yalowera. Ankatapa fumbi kapena phulusa nalisiya ligwe kuti aone kumene mphepo ikupita, chifukwa nyama imamva fungo la munthu maso ake asanamuone. Tsono ankaizungulira kufikira mphepo itamuomba kumaso, nayamba kuwenderera, akuyenda nyama ikaweramira msipu, akuima chilili ikadzutsa mutu, mwina akukwawa ndi mimba kuseri kwa chulu, kufikira atayandikira pamene muvi sungaphonye. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale, ndipo palibe ntchito imene mwambiwu unkaonekera poyera koposa iyi. Luso lotere silinkadza tsiku limodzi: mnyamata ankayamba ndi mbewa ndi mbalame, nalasa thunthu la nthochi madzulo ambiri, asanaloledwe kutsata atate ake kapena amalume ake kuthengo. Pa mpaliro ankapakapo ulembe wa nthanga za kombe, umene umaimitsa mtima wa nyama. Ndipo kombe yemweyo, atamuona John Kirk kwa Amang'anja a ku Shire pa ulendo wa Livingstone, anafika ku Edinburgh kumene Thomas Fraser anatulutsamo mankhwala a nthenda ya mtima m'chaka cha 1885.

Chimene chinayamba kugwedeza mwambowu ndi malonda a minyanga. Amalonda a Chiyao, Aluya ndi Apwitikizi anadza ndi nsalu, mikanda, onga ndi mfuti za gogodera, ndipo njovu, imene kale inkaphedwa mwa kamodzikamodzi ndi mbuna kapena ndi mikondo ya anthu ambiri, dzino lake logunda pansi n'kupita kwa mfumu, inasanduka chuma chothamangira aliyense. Gogodera inali mfuti yolemera ndi yochedwa kuthira, kotero kuti mwini wake anali ndi mpata umodzi wokha. Ankayandikira kwambiri monga wa uta, naitsamiritsa pa mphanda ya mtengo kapena pa chulu kuti dzanja lisanjenjemere. Pamene Livingstone anakwera Shire mu 1859 anaona njovu pafupifupi 800 m'dambo limene analitcha Elephant Marsh. Henry Faulkner, amene anadza mu 1867 ndi gulu lofunafuna Livingstone, anatha masiku ake ambiri akuwomba njovu. Kampani ya Mandala, yoyambika mu 1878, inkagula minyanga ndi kuitumiza kunyanja yamchere. Ndipo Alfred Sharpe, amene pambuyo pake anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland, analowa m'dziko muno mu 1887 monga mlenje wa njovu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada: m'badwo umodzi usanathe, dambo lija linatsala ndi dzina lokha.

Azunguwo anadza ndi mwambo wawo wa ulenje, umene tiyenera kuumvetsa kuti timvetse malamulo amene anatiikira. Kwawo kuli nyama yamawangamawanga yofanana msinkhu ndi nswala, imene Angerezi amaitcha fallow deer, ya nyanga zanthambi zophwatalala kunsonga, zimene zimagwa ndi kuphukanso chaka ndi chaka. Anormani, amene anagonjetsa England mu 1066, anaichulukitsa m'minda yotchingidwa ya mafumu ndi nduna zawo, ndipo kwa zaka mazanamazana mlimi wamba wopezeka ataipha ankalangidwa koopsa. Ku Scotland nako mapiri athunthu anapatulidwa kuti akhale osakiramo olemera okha. Mwa ichi mlendo wofuna kusaka ankayenda ndi wolondolera wa pamalopo, ndipo mpaka lero ndi momwe zilili. Wolondolerayo salola mlendo kulowa m'nkhalango asanamuone akuwombera chandamale pa mtunda wa mamita 100 kapena kuyandikira apo. Amamuphunzitsa kuimika ndodo ziwiri, zitatu kapena zinayi zomangidwa pamodzi chakumtunda, kuzitambasula mwakachetechete nyama ikuyang'ana kwina, kugoneka thabwa la mfuti pa mphanda yake, kutangadza miyendo, kutulutsa mpweya pang'ono ndi kukoka kachitsulo modekha. Amamuuza nyama yoyenera kugwa ndi yoyenera kusiyidwa, ndipo samulola kuwomba ngati kuseri kwa nyamayo kulibe nthaka yoti chipolopolo chikathere. Cholinga cha zonsezi n'chimodzi, ndicho chakuti nyama igwe ndi chipolopolo chimodzi cha kuseri kwa phewa, isapite ndi bala kukafera kutali. Ndipo pa mfundo iyi mpalu wa Chimang'anja ndi wolondolera wa ku Scotland akadamvana popanda womasulira.

Koma pamene mwambowu unaoloka nyanja, chabwino chake chinadza pang'ono ndipo choipa chake chinadza chonse. Mzungu wa ku Blantyre kapena wa ku Zomba akapita kokasaka, womutsogolera anali mlenje wa m'mudzi, amene ankapeza mapazi, kuyesa mphepo, kusenza mfuti ndi kulondola nyama yovulala m'zitsamba zowirira. Koma mutu wa nyama unkakhomedwa m'nyumba ya bwana, ndipo dzina la mlenjeyo m'mabuku ambiri silipezeka. Pangano la ku Brussels la 1890 linatsekereza anthu akuda kugula mfuti zamakono. Boma la Harry Johnston, lokhazikitsidwa mu 1891, linaika msonkho pa mfuti ndi ziphaso za ulenje za mtengo umene munthu wa m'mudzi sakadaufikira. Mu 1897 Elephant Marsh ndi dera la ku Chilwa zinalengezedwa malo otetezedwa. Ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 lamulo la nyama linathina njira zamakolo, monga maukonde, mbuna ndi misampha, ngakhale amishoni ndi mabungwe a anthu akuda anadandaula kuti nguluwe ndi njovu zikutha minda ya anthu. Chotero mwini thengo anasanduka mbala m'thengo la makolo ake. Ndipo ulenje utachoka pabwalo n'kulowa mumdima, unasiya nsembe, unasiya nyengo, unasiya mwendo wa mfumu, n'kutsala ndi njala yokha. Khwekhwe la waya, limene silisankha yaikazi kapena yabere ndipo limapha nyama mwini wake ali m'tulo kunyumba, ndilo mwana wobadwa m'nyengo imeneyo.

Kuno ku mapiri nyama sizinathe ndi mfuti yokha, koma ndi nkhwangwa ndi khasu. Minda ya khofi ndi fodya inadya nkhalango, njanji inafika mu 1908, Limbe anakula ndi fodya ndi sitima mpaka analumikizidwa ndi Blantyre mu 1956, ndipo tchire la pakati pa matauni awiriwa, pamene pali Chichiri, linasanduka misewu ndi nyumba. Ena mwa alenje a Chizungu, ataona chimene manja awo anachita, anatembenuka mtima: Lengwe anapatulidwa mu 1928 kuti boo asatheretu, ndipo mu 1947 kunabadwa bungwe la Nyasaland Fauna Preservation Society, kholo la bungwe la WESM la masiku ano. Majete anatetezedwa mu 1955, Michiru mu 1975. Koma mapiri a mumzinda sanapulumuke: nkhalango ya Ndirande inagwa m'zaka za m'ma 1990, ya Soche inatsatira, ndipo Michiru, kumene mbawala ndi afisi anakhalitsa, wadyedwa ndi makala ife tikuona. Mwana wobadwira ku Ndirande kapena ku Bangwe akafuna kuona zida za makolo ake amapita ku nyumba ya zinthu zakale ya pa Chichiri, yotsegulidwa mu 1966, kumene amaziona zitagona, popanda wozigwira.

Komabe nzeru ya mpalu siinafe, ndipo yapeza ntchito yoposa yakale. Norman Carr, wobadwira ku Chinde mu 1912, amene anayamba moyo wake monga wowomba njovu, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ku chigwa cha Luangwa mu 1950 kuti alendo azidza kudzaona nyama ndipo phindu lizipita kwa eni dziko. Kuchokera pamenepo kunakula mwambo woyenda pansi m'thengo ndi wolondolera, kuwenderera nyama popanda kuipha. Ulenje wolipira, wa mfuti ndi ndodo zamphanda, ulipobe m'madera ena a ku Luangwa ndi ku Tete, koma m'mapaki a Malawi kusaka n'koletsedwa, ndipo lamulo la 1992, litakonzedwanso mu 2017, limafikitsa chilango cha milandu yoopsa pa zaka 30 m'ndende. Majete, amene pofika 1992 analibe njovu ndi imodzi yomwe, anaperekedwa m'manja mwa bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma mu 2003. Chipembere chinabwerera chaka chomwecho, njovu mu 2006, nyalugwe mu 2011, mkango mu 2012. Amene amalondola zipemberezo m'mawa uliwonse, akuwerenga mapazi ndi kuyesa mphepo, akugwira ntchito ndi maso omwe aja a makolo awo, ndipo ambiri a iwo ndi ana a midzi yozungulira.

Tsono inu akulu amene munaona uzimba ndi maso anu, kapena munaumva kwa atate anu, musapite nazo kumanda nzeruzi. Itanani adzukulu, muwauze maina a nyama, mapazi ake, nyengo zake ndi malamulo amene ankasunga thengo. Inu aphunzitsi a m'sukulu za Blantyre ndi Limbe, tengani ana mupite nawo pa Chichiri, ndipo mukatero mutsike nawo ku Majete ndi ku Lengwe akaone zamoyo. Ndipo ife tonse okhala m'tsinde mwa Michiru, Soche ndi Ndirande, tileke kugula nyama ya m'khwekhwe, tibzale ndi kusunga mitengo ya m'mapiri athu, pakuti Mlengi anatiika m'munda uno kuti tiulime ndi kuusunga, ndipo adzatifunsa za mbali zonse ziwiri.