Makala, Mchenga ndi Mbiri ya M'minda ya Tiyi ku Thyolo

Mukamachokera ku Limbe kulowera ku Thyolo, minda ya tiyi imakongola ngati kapeti wobiriwira. Zithunzi zakale za mindayi n'zokongolanso, koma kamera inali m'manja mwa eni minda ndi boma la atsamunda. Alomwe amene anachokera ku Mozambique n'kumalipira malo okhala pogwira thangata sanasiye filimu yawoyawo. Ngakhale zipolowe za mu 1953, zomwe zinayambira ku Thyolo komweko, timazimva m'malipoti a boma ndi kwa agogo basi.

Nanga mbiri yopanda zithunzi tingaionetse bwanji pa kanema? Ine ndikuona kuti yankho lili mu stop motion, njira yojambula chinthu kamodzi, kuchisuntha pang'ono, n'kujambulanso, mpaka zithunzizo zikamaseweredwa chinthucho chizioneka ngati chikuyenda chokha. Ambirife timaidziwira pa zidole za Wallace and Gromit, zomwe zimafuna situdiyo ndi ndalama. Koma njirayi ili ndi mbiri inanso, ya anthu amene ankangogwiritsa ntchito zomwe anali nazo pafupi.

Ku Germany, Lotte Reiniger anadula makatoni ndi sizasi, n'kuwaika pa galasi lowala kunsi, ndipo mu 1926 anatulutsa filimu yaitali yotchedwa The Adventures of Prince Achmed. Mu 1969 Caroline Leaf, akadali wophunzira pa Harvard ngati mmene tililimu, anathira mchenga pa galasi n'kumaukankha ndi zala.

Amene amandigwira mtima kwambiri ndi William Kentridge wa ku Johannesburg. Iye amajambula ndi makala papepala limodzi, n'kutola chithunzi, kufufuta pang'ono, n'kujambulanso pomwepo. Makala safufutika onse, choncho chilichonse chimasiya chipsera pomwe chadutsa. Mufilimu yake ya Mine ya mu 1991, bwana wa mgodi, Soho Eckstein, akukonza khofi ali pabedi. Akamakankha kachitsulo ka m'ketulo yake, kachitsuloko kakuboola pansi n'kusanduka dzenje la mgodi, kudutsa pomwe antchito amagona mothithikana. Ndi migodi yomwe ija amuna a kwathu kuno ankapitako pa Wenela. Palibe kamera imene ikanajambula zimenezo.

Tangochotsani khofiyo muikepo kapu ya tiyi. Pansi pake mupeza dengu kumsana, sikelo ya kapitawo, ndi banja lothamangitsidwa pamalo chifukwa chokana thangata, lomwe linathetsedwa mu 1962.

Zipangizo zake si zovuta: foni, bokosi loimikirapo, galasi, nyali, ndi makala a pa mbaula kapena masamba a tiyi ouma m'malo mwa mchenga. Chovuta ndi kupirira, chifukwa pa zithunzi 12 pa sekondi, mphindi imodzi imadya zithunzi 720. Koma musanagwire makala, yambani mwapita ku Thyolo kukajambula mawu. Mnyamata amene anali ndi zaka 15 mu 1953 lero akuyandikira zaka 90.