Bedi Lolendewera ndi Funso la Wolisenza

Ku America ndi ku Ulaya kuli anthu okonda maulendo ataliatali apansi amene masiku ano amakhala pa makina n'kudzisokera okha bedi la paulendo. Bedilo ndi nsalu ya nailoni yotalika mamita atatu ndi pang'ono, mulifupi mita imodzi ndi theka, yoti kukada aimangirire pakati pa mitengo iwiri n'kugonamo ali lende. Akalipinda limakwana m'manja, ndipo kulemera kwake sikufika theka la kilogalamu. Ambiri amaliona ngati fashoni ya dzulodzuloli, chonsecho bedi lolendewerali linalipo kale Azungu asanafike ku America. Mbiri yake ikusonyeza kuti nsalu yake, kasokedwe kake ndi kulemera kwake zakhala zikutsata funso limodzi basi: ndani akulisenza? Wogonamo akakhala kuti ndiye wonyamula, bedili limapepuka ndipo limapangidwa pakhomo. Koma katunduyo akangogwera paphewa la munthu wina, palibenso amene amasamala za kulemera kwake.

Umboni woyamba wolembedwa ukuchokera kwa alendo amene analipeza likugwira kale ntchito. Mu Okutobala 1492, anthu a Columbus atalowa m'nyumba za pa zilumba za Bahamas anapeza eni dziko akugona m'zinthu zonga maukonde a thonje. Mu 1500 Pero Vaz de Caminha analembera mfumu ya Portugal za nyumba zazitali za ku Brazil, momwe kuchokera pa nsanamira ina kufika pa inzake ankamangapo ukonde wogonamo, pansi pake atasonkha moto woti azimva kutentha. Gonzalo Fernández de Oviedo anafika polijambula m'buku lake la mu 1535. Amene ankaluka mabediwa anali eni ake, ndi thonje kapena luzi la m'dera mwawo. M'dziko la chinyezi, nyerere ndi njoka, kugona m'mwamba kunali kwanzeru, koma ubwino wina unali woti munthu akasamuka kapena kupita kukasaka, ankangolimasula n'kulikoleka paphewa. Luso limeneli silinafe: ku Yucatán m'dziko la Mexico ndi kumpoto chakum'mawa kwa Brazil anthu akulukabe ndi kugonamo, moti katswiri wa chikhalidwe Luís da Câmara Cascudo analilembera buku lathunthu mu 1959.

Litakwera sitima zapamadzi, bedili linasintha. Asilikali apanyanja a ku England anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1597, ndipo m'malo mwa ukonde linasanduka lona yokhuthala. Mmalinyero aliyense ankapatsidwa malo a mainchesi 14 okha mulifupi. M'mawa ankalikulunga zolimba n'kukaliika m'mbali mwa sitima kuti pankhondo lizitchinga zipolopolo, ndipo akamwalira ankamusokera momwemo n'kumuponya m'nyanja. Apa kulemera sikunali nkhani chifukwa wonyamula anali sitima, ndipo kakulidwe kake ankalamula ndi akuluakulu a usilikali, osati wogonamo.

Koma kumene mfundoyi imaonekera bwino ndi kwathu kuno, pa machira. Apwitikizi, amene ku Brazil ankanyamulidwa ndi akapolo m'mabedi otere, ankayendanso chimodzimodzi m'chigwa cha Zambezi, ndipo atsamunda, amishoni ndi amalonda atayamba kukhazikika ku mapiri a Shire kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, machira ndiwo anali galimoto yawo. Anali lona yolendewera pa mtengo wautali wa nsungwi, pamwamba pake atayika kadenga kotchinga dzuwa. Munthu mmodzi ankagona chagada m'menemo, pomwe gulu la amuna, nthawi zambiri opitirira khumi, linkalandizana mtengowo paphewa likuthamanga ndi kuyimba kuti mapazi agwirizane. Kumbuyo kunkabwera amtengatenga atasenza tenti, bedi lopinda, mipando, mabokosi a zakudya, nthawi zina ngakhale bafa. Njanji isanafike ku Blantyre mu 1908, katundu wochokera kumadoko a mumtsinje wa Shire ankakwera chitunda pamitu ya anthu, ndipo ambiri ankalowa ntchitoyi pofuna ndalama ya msonkho wa nyumba. Nsaluyo inali yomweyo, kalendeweredwe kake n'komweko, koma tsopano chinthu chimene chinapangidwa kuti munthu azinyamula bedi lake chinasanduka choti bedi lizinyamula munthu, pamapewa a anzake. Wokwera machira analibe chifukwa chofunsira kuti nsungwiyo ikulemera bwanji, poti zipsera za paphewa sizinali zake.

Wina anganene kuti tikuwaweruza mopyola, popeza machira anapulumutsanso odwala ndi ovulala kumadera kopanda msewu, ndipo mpaka lero achipatala amanyamulirapo anthu. Zimenezo n'zoona, ndipo kunyamula wodwala ndi ntchito yaulemu imene mudzi uliwonse umaidziwa. Ngakhale David Livingstone, m'masiku ake otsiriza mu 1873, anafika kwa Chitambo atanyamulidwa chifukwa sankathanso kuyenda. Koma kusenza munthu amene miyendo yamukana n'kosiyana ndi kusenza munthu wamphamvu zake amene akuwerenga buku ali m'mwamba. 

Kubwerera kwa bedi lopepuka kunadza ndi nkhondo, pamene msilikali wa m'nkhalango anayenera kusenza yekha pogona pake. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a America anapatsidwa bedi lolendewera lokhala ndi masikito ndi kadenga ka mvula. Nthawi yomweyo nailoni, imene inapangidwa koyamba ku kampani ya DuPont mu 1935, inalowa m'malo mwa silika pa maparachuti, ndipo inalukidwa ndi ulusi wokhuthala modumphadumpha kuti ikabooka isang'ambike mpaka kumapeto. Pa nkhondo ya ku Vietnam, ankhondo oyenda pansi m'nkhalango ankagona m'mabedi a nsalu yopyapyala, ena osokedwa ndi maparachuti otola. Ngakhale opita kumwezi, kuyambira pa ulendo wa Apollo 12 mu 1969, ankagona m'mabedi olendewera m'kachombo kawo, momwe galamu iliyonse inkawerengedwa.

Oyenda maulendo a masiku ano analandira nsalu imeneyi pamodzi ndi vuto lomwelo. Munthu amene akudutsa njira ya Appalachian Trail, yotalika makilomita pafupifupi 3,500, amamva pamsana chilichonse chimene waika m'chikwama kwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Mu 1992 Ray Jardine anatulutsa buku lolimbikitsa oyenda kuti achepetse katundu ndi kudzisokera zinthu zawo, ndipo mu 2003 Ed Speer analemba la kagonedwe ka m'bedi lolendewera momwe anafotokozamo kapangidwe kake. Ntchitoyo telala aliyense wa pakhonde la sitolo angaimalize dzuwa lisanapendeke. Amapinda m'mbali zazitali kawiri n'kusoka mpendero. Kumapeto konse kuwiri amapinda mokulirapo kuti pakhale kanjira ka chingwe, n'kudutsapo mizere itatu ya ulusi wa poliyesita chifukwa wa thonje umaola ukanyowa. Msoko suyenera kuthinana kwambiri, apo ayi singano imaboola nsalu motsatizana n'kuifooketsa pamalo pomwe thupi lonse lidzalendewerepo. Akakoka chingwe, mapeto aja amasonkhana ngati kukamwa kwa thumba. Pomanga, zingwe zimatsetsereka pafupifupi madigiri 30, ndipo munthu amagona mopingasa pang'ono kuti msana uwongoke, monga momwe amagonera a ku Brazil. Pamtengo amakulungapo lamba wotambalala m'malo mwa chingwe chowonda chimene chimadula khungwa. Vuto la mphepo yozizira yodutsa kunsi, limene anthu amene Caminha anawaona ankalithetsa ndi moto, lero amalithetsa pomangirira chofunda kunsi kwa bedilo.

Pali zotsutsa ziwiri zimene sitingazinyalanyaze. Choyamba n'chakuti nsaluyo imachokera kufakitale, ndipo bedi losokasoka la m'sitolo nthawi zina limatchipa kuposa kugula nsalu, ulusi ndi zingwe padera. Ndiye kudzisokera kukupindulanji? Yankho n'lakuti fakitale imasokera munthu wongoganiziridwa, ndipo imawonjezera zitsulo, matumba ndi nsalu yokhuthala poopa madandaulo a ogula. Wodzisokera amayeza msinkhu wake, amasankha nsalu yolingana ndi thupi lake, ndipo msoko ukamasuka ali pakati pa nkhalango amadziwa pomwe angayambire, chifukwa anausoka yekha. Chachiwiri n'cholemerapo: kuyenda wapansi mongosangalala ndi mwayi wa anthu opeza bwino, ndipo n'kosayenera kuwayerekeza ndi mlenje wa ku Amazon, kaya ndi mtengatenga amene ankathawa chikoti. N'zoona kuti njala ndi tchuthi n'zosiyana, ndipo palibe amene ayenera kuzisakaniza. Koma phewa silifunsa chifukwa cha ulendo. Kulikonse kumene munthu wasenza yekha bedi lake lolendewera, kaya mwaufulu kaya mokakamizika, wafika pa chinthu chofanana: nsalu yopepuka ndi zingwe ziwiri.

N'chifukwa chake nkhaniyi siyathera m'mabuku a mbiri. Pa phiri la Mulanje, monganso pa Kilimanjaro, alendo ambiri amakwera chimanjamanja pamene zikwama zawo zili pamsana pa anyamata a m'midzi yozungulira. Ntchito imeneyi ndi yolipidwa ndipo imadyetsa mabanja, choncho siyofanana ndi ya machira. Komabe mlendo aliyense amene akulongedza chikwama choti akasenze wina, ayambe wachinyamula yekha n'kuyenda nacho pang'ono asanachipereke, ndipo chimene sangalole kukwera nacho phiri achisiye kunyumba.