Nthondo anakula, koma sanadzifotokozere yekha

M'chaka cha 1933 panatuluka buku lotchedwa Nthondo. Analilemba Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo linapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Kwa ife a kuno ku Bowe dzinali si lachilendo, paja ku Ntchisi kuli Mfumu Nthondo, ngakhale wa m'bukuyu ndi munthu wa m'nthano chabe. Ntara yemweyo ndiye analembanso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi kuno ku Dowa.

Bukuli likutsata Nthondo kuyambira kubadwa. Akula ali mwana wovuta, wakuba, achoka pamudzi kukafuna ntchito kutali, abwerera, alongedwa ufumu, kenako atembenuka mtima n'kukhala Mkhristu. Chomwe chimandikopa n'chakuti m'nkhani yonseyi mwanayo salankhula ndi ife owerenga. Amene akufotokoza ndi munthu wamkulu woima pambali, ngati gogo pabwalo, wodziwiratu kumene mnyamatayo akathere. Ndiye kukula kwa Nthondo timakuyeza ndi muyeso wa wina, ndipo muyesowo ndi wa mishoni: wakula tsiku limene wasiya kuba n'kulowa m'tchalitchi. Ntara sindimuda nazo. Nthawi imeneyo sukulu zinali m'manja mwa amishoni, makina osindikizira mabuku chimodzimodzi, ndipo pa Chichewa mwana sakhala pabwalo kumadzitambasulira mbiri yake akulu ali chete.

Patapita zaka zoposa 30 mawu anasintha mwini. Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto amene ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro ku America, n'kukafika ku Khartoum asanakwere ndege, anatulutsa I Will Try mu 1965, Malawi atangolandira ufulu wodzilamulira. Si nthano yopeka, ndi mbiri ya moyo wake, koma muno mwanayo akuti "ine". Kukula kwake kukuoneka m'mene akuonera zinthu: poyamba dziko lonse ndi mudzi wa kwawo, kenako mudziwo ukucheperachepera pamene iye akutalikira.

Komabe "ine" ameneyu ali ndi kachinyengo kake, ndipo amene anakagwiritsa ntchito mwaluso ndi Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe mu Nervous Conditions (1988). Tambu akupeza malo pa sukulu ya mishoni chifukwa mchimwene wake Nhamo wamwalira. M'bukumo muli a Tambu awiri. Wina ndi mtsikana amene akuona abambo ake aakulu, Babamukuru, ngati mpulumutsi. Wina ndi mayi wamkulu amene akulemba, amene waona kale zomwe maphunziro omwewo anachita kwa mbale wake Nyasha. Kukhwima kwa Tambu kuli pa mpata wa pakati pa awiriwa, ndipo mpatawo ukutseka pang'onopang'ono, mwina osatsekeratu n'komwe. Apa mishoni, imene kwa Nthondo inali mathero a ulendo, yasanduka chinthu chimene mwana ayenera kuyamba kuchikayikira kuti tinene kuti wakula.

Nanga lero? Buku la mwana wa Chimalawi lodziwika kwambiri kunja ndi The Boy Who Harnessed the Wind la mu 2009, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anasiya sukulu pa njala ya 2001 mpaka 2002 n'kupanga makina amphepo opangira magetsi. Akuti "ine" ndithu, koma m'Chingerezi, ndipo analemba mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer. Nthondo analibe mawu akeake koma nkhani yake inali m'chinenero chathu, yoti agogo a ku Kongwe akanatha kuimva wina akuwawerengera. Kamkwamba mawu ali nawo, koma mwana wa sitandade 5 ku Bowe angawamve bwino poonera filimu ya 2019 ija, momwe Chiwetel Ejiofor anachita kuphunzira Chichewa kuti akhale bambo wake.