MBIRI YA GALIMOTO YA LIWIRO YA KU AMERICA

Pa Kafue pali ulalo wa njanji ndi ulalo wa mseu. Wa njanji unamangidwa m'caka ca 1906. Ulalo woyamba wa mseu unaikidwa mu 1949, ndipo zitsulo zace zinacokera ku London, kumene zinali pa mtsinje wa Thames m'nthawi ya nkhondo. Pa maulalo amenewa panadzera zinthu ziwiri zocokera kum'mwera, ndizo magalimoto ndi petulo.

Ambiri a magalimoto akuluakulu a masiku amenewo anali a Ford ndi a Chevrolet, ndipo anali kulumikizidwa ku Port Elizabeth. Kwao ku America petulo anali wotsika mtengo, tsono opanga anaikamo injini zazikulu za masilinda 8, zamphamvu ndiponso zaludzu.

Imodzi ya mtundu umenewu inamveka kwambiri m'mipikisano. Iyo inali Ford Galaxie, ya injini ya malita 7, imene a Holman ndi a Moody anakonza ku Charlotte. Mu 1963 Jack Sears analowa nayo mpikisano pa Silverstone ku England. Anthu anayesa kuti cigalimoto cotere cidzalephera pa makona, koma cinasiya ma Jaguar onse m'mbuyo, ndipo caka comweco Sears anakhala ngwazi ya dzikolo. Pambuyo pace inaoloka nyanja kudza ku South Africa, kumene Bob Olthoff anapambana nayo ukatswiri mu 1965.

Koma moyo wa galimoto yotere uli m'thanki. Pa 11 November 1965 Ian Smith analanda ufulu ku Rhodesia, ndipo posacedwa sitima zinaleka kuoloka pa Kafue ndi petulo. Boma la Zambia linayamba kugawa mafuta mocita kupima. Ena anadza pa ndege, ena m'migolo pa mseu woopsa wocokera ku Dar es Salaam, kufikira 1968 pamene paipi inafika ku Ndola. Mwini galimoto yaikulu anaiimika pansi pa mtengo nagula njinga. Mu 1973 mtengo wa mafuta unakwera pa dziko lonse lapansi, kotero kuti Amereka omwe anayamba kufuna timagalimoto tating'ono.

Magalimoto amene anapulumuka ku dzimbiri athamanganso lero m'mipikisano ya magalimoto akale, monga ya ku Goodwood ku England, imene inayamba mu 1998, ndi ya ku Zwartkops pafupi ndi Pretoria. Lamulo lace ndi lobvuta: galimoto ikhale monga inalili m'zaka zace. Makanika amasula injini yonse, nayang'ana citsulo ciriconse ngati ciri ndi mng'alu, koma saloledwa kuikamo injini yamakono. Zatsopano zimene alamulidwa kuika ndizo zosunga moyo wa woyendetsa: mipiringidzo ya citsulo m'kati, malamba olimba, ndi cozimira moto.

Kutentha ndiye mdani wamkulu wa injini yotere. Rediyeta ya masiku aja inali ya mkuwa, citsulo comweco cimene amuna amakumba ku Nchanga ndi ku Mufulira, ndipo ikabooka mmisiri angathe kuimata ndi mtobvu, nigwiranso nchito zaka zambiri.

Galaxie ija inakhala ku South Africa zaka zoposa 20, kufikira Jack Sears mwini wace anaigula, naibwezera ku England.