Mbiri ya Ufiti wa ku Limphasa, ndi ya Anthu Amene Anamfunafuna m'Nkhalango

Pa nyengo ya chikondwerero monga ino, ndi mwambo wokoma kuti akulu akumbutse ana zinthu zimene zinachitika m'dziko iwo asanabadwe. Tsono pano tilemba za nyama imodzi ya m'thengo, imene inaoneka kumpoto kwa dziko lathu m'chaka cha 1959, nizunguza mitu ya eni dziko ndi Azungu omwe kufikira chaka cha 1964. Nkhaniyi siinachitike kuno kwa Khwethemule ai, koma muli phunziro lotikhudza ife a ku Thyolo, makamaka inu aphunzitsi ndi akatekisiti amene anthu athamangira kwa inu pakumva chinthu chachilendo.

ZA DZIKO NDI NYENGO YACHE

Nkhata Bay ndi doko la m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, m'dziko la Atonga. Dziko limenelo lifanana ndi lathu lino pa zinthu zingapo, pakuti mvula igwako yambiri, mitengo ikula yaitali ndi yowirira, ndipo Azungu anatsegulako minda ya tiyi ku Chombe ndi ya mphira ku Vizara. Kuseri kwa doko kuli mtsinje dzina lache Limphasa, wokhala ndi dambo lalikulu, ndipo m'dera lomwelo muli nkhalango ya Mkuwazi.

Chaka cha 1959 chinali chaka cha misozi. Dziko lathu, limene pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, linali m'Chitaganya pamodzi ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia kuyambira 1953, ndipo anthu anali kukana Chitaganyacho ndi mtima wonse. Pa 3 Marichi Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a Congress amangidwe, ndipo Dr. Banda anatengedwa kunka ku ndende ya ku Gwelo. Tsiku lomwelo khamu la anthu linasonkhana pa doko la Nkhata Bay, pamene abale ao omangidwa anali m'sitima ya Mpasa. Asilikali anaomba mfuti, nafa anthu osachepera 20. Itapita miyezi isanu, maliro ali chikhalire m'mitima, mpamene kunamveka za chinthu cha m'nkhalango.

ZA KUONEKA KWACHE

M'mwezi wa Ogasiti 1959 anthu a nchito ya P.W.D., amene anali kukonza mseu ndi kumanga mlatho pa Limphasa, anayamba kunena kuti aona chinthu chachikulu chakuda m'mitengo, chofanana ndi munthu, chopanda mchira, ndipo kuti chinkakhala phee ndi kumapenyerera nchito yao. Anthu amenewa sanali alendo a thengo. Nyani anamdziwa, pusi anamdziwa, nchima ndi changa anazidziwa. Koma ichi sichinali chimodzi mwa zimenezi, ndipo chinalibe dzina m'chinenero chao. Chifukwa chache anachitcha Ufiti.

Azungu polemba nkhaniyi anamasulira dzinali kuti ndi mzukwa, koma ife tidziwa kuti ufiti ndi nchito ya mfiti. Umo ndimo uchitira mtima wa munthu: chimene diso lalephera kuchizindikira masana, mtima uchipereka kwa oyenda usiku. Komatu tiyenera kuwalemekeza anthu a mseu aja pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti ngakhale dzina analiphonya, maonekedwe sanawaphonye. Zimene ananena kuti anaona zinali zoona.

M'mwezi wa Febuluwale 1960 Mzungu wina wa P.W.D., dzina lache J. L. Goodwin, anachijambula zithunzi. Pamenepo nkhani inasintha, pakuti mzukwa sujambulika, ndipo suthyola nthambi pokwera mumtengo. Zithunzizo zinafika kwa anthu ophunzira za nyama, ndipo iwo anazizwa koposa anthu a mseu, popeza anazindikira mtundu wa nyamayo, nadziwanso kuti m'mabuku ao onse munalibe mau akuti mtundu umenewo ukhala m'Nyasaland.

ZA ULENDO WA OFUNAFUNA

Ku Livingstone, pafupi ndi mathithi a Victoria m'dziko limene lero ndi Zambia, kunali nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi za chilengedwe, yotchedwa Rhodes-Livingstone Museum. Lero itchedwa Livingstone Museum. M'mwezi wa Marichi 1960 nyumba imeneyi inatumiza gulu la anthu ku Nkhata Bay, ndipo amene maina ao adziwika pa ulendowo ndiwo B. L. Mitchell ndi C. S. Holliday. Marichi ndi mwezi wa mvula yolimba m'dziko la Atonga, pamene madambo adzala ndipo udzu upitirira msinkhu wa munthu. Koma iwo analowa m'nkhalango, osati kukapha nyamayo ai, koma kukaiona, kuijambula ndi kulemba makhalidwe ache.

Iwo anapeza kuti Ufiti ndi chimpanzi, wamkazi, wamkulu msinkhu, wokhala yekha. Chimpanzi ndi nyama ya pfuko limodzi ndi gorila, yopanda mchira, ya manja atali. Poyenda pansi ipinda zala niyedzamira pa mfundo zache, kotero kuti mapazi ache m'matope asiyana ndi a nyani. Madzulo ali onse ikwera mumtengo nipinda nthambi kupanga chogonera chonga chisa, ndipo m'mawa mwache ichisiya, nidzamanga china usiku winawo. Idya zipatso, masamba, chiswe, ndi nyama pang'ono. Munthu wofunafuna chimpanzi ayamba wawerenga zisa zimenezi, nayang'ana makoko a zipatso pansi pa mitengo, namvetsera kupfuula kwache kumene kumveka kutali. Kuiona nyama yeniyeniyo kudza pambuyo, kwa iye amene akhoza kukhala chete nthawi yaitali. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mitchell ndi Holliday analemba zimene anaona m'magazini ya anthu a sayansi ya ku South Africa m'chaka chomwecho cha 1960. Analemba kuti nkhope, makutu, manja ndi mapazi a Ufiti zinali zakuda bii, ubweya wache waufupi, ndipo kumsana chakuchiuno kunali chibanga cha imvi, chonga chija chioneka pa gorila wamphongo wokalamba. Zizindikiro izi zinawapatsa maganizo akuti kapena apeza mtundu wa chimpanzi umene sunalembedwe kale.

Pano tikumbuke kuti Dr. David Livingstone, pokhala m'dziko la Manyema kumadzulo kwa Nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1870 ndi 1871, analemba za nyama imene anthu akumeneko ankaitcha soko, ndipo anapatsidwa mwana wache wamoyo. Soko ameneyo ndi chimpanzi yemweyu. Kumeneko nyamayi inali ndi dzina, popeza anthu anakhala nayo pafupi kuyambira makolo. Ku Limphasa inalibe dzina, ndipo ichi chokha ndi umboni wakuti inali mlendo m'maso mwa anthu a mbadwo umenewo.

ZA KUTSUTSANA KWA ANZERU

Bvuto lalikulu linali mtunda. Achimpanzi apafupi amene ankadziwika pa nthawiyo anali ku mapiri a Kungwe, amene lero atchedwa Mahale, kum'mawa kwa Nyanja ya Tanganyika, mtunda wa mamailosi ngati 480 kuchokera ku Nkhata Bay. Pakati pache pali zigwa, mitsinje, midzi ndi tchire louma. Nanga wamkaziyu anafika bwanji yekha ku Limphasa?

Ena anati ndi wotsala wa khamu lakale limene linkakhala m'nkhalango za m'mbali mwa nyanja pamene nkhalangozo zinali zazikulu ndi zolumikizana. Ena anati ndi woweta, amene munthu wa paulendo anabwera naye kuchokera ku Congo, nathawa kapena kutayidwa m'thengo; ndipo iwo analoza ku khalidwe lache losaopa anthu, pakuti chimpanzi wobadwira m'thengo athawa akangomva mau a munthu. Katswiri wina wa ku London wodziwa matupi a anyani, Dr. W. C. Osman Hill, analemba za Ufiti m'chaka cha 1963, naonetsa kuti maonekedwe ache ena anafanana ndi achimpanzi a kumadzulo kwa Afirika koposa a ku Tanganyika amene anali pafupi.

Mlandu wotere uli ndi njira imodzi youweruzira. Chimpanzi sakhala yekha mwa chibadwidwe. Akhala m'mudzi wa anzache makumi angapo, ndipo ngati Ufiti anali wa khamu lakale, kunayenera kupezeka amache, kapena mphongo, kapena ana, kapena zisa zochuluka zosakwanira nyama imodzi. Koma kuyambira 1959 kufikira lero sanagwidwe kapena kujambulidwa chimpanzi wachiwiri wa m'thengo m'Malawi. Chifukwa chache ophunzira ambiri atsamira ku maganizo akuti anali woweta wothawa.

Tizindikirenso kuti pa masiku amenewo nzeru ya anthu pa nyamayi inali yochepa. Jane Goodall anafika ku Gombe, m'mphepete mwa Nyanja ya Tanganyika, m'mwezi wa Julayi 1960, miyezi inai chipitire ulendo wa ku Limphasa. Ndipo Toshisada Nishida wa ku Japan anayamba nchito yache ku Mahale mu 1965. Iwo anakhala zaka zambirimbiri akutsata achimpanzi tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri zimene tidziwa lero zichokera ku kupirira kwao.

ZA MATHERO ACHE

M'mwezi wa Marichi 1964 Ufiti anagwidwa, natumizidwa ku England, ku malo osungira nyama a mu mzinda wa Chester. Kumeneko anapezeka wodwala, ndipo matenda atakula, osunga nyama anamupha mu Epulo kuti asazunzike. Anakhala m'nkhalango ya kwathu zaka zinai ndi theka anthu akumuona. M'khola la ku Ulaya sanathe miyezi iwiri. Pa 6 Julayi chaka chomwecho mbendera ya Malawi inakwera. Motero nyama ija inaoneka m'chaka cha mfuti za pa doko, nifa m'chaka cha ufulu, ndipo nkhani yache inamira pansi pa nkhani zazikuluzo, kotero kuti ana a sukulu ambiri lero sanaimve konse.

ZA PHUNZIRO LA KWA IFE

Phunziro loyamba ndi la kusiyanitsa mboni ndi mphekesera. Ku Limphasa kunali chinthu chenicheni. Anthu anachiona ali ambiri, masana, masiku ambiri, pa malo odziwika, ndipo wokayika anakhoza kupita kukadzionera yekha. Ichi n'chiani n'kulinga muli awiri. Atapita ofunafuna, mantha anasanduka chidziwitso, ndipo ufiti unasanduka nyama ya mwazi ndi mafupa yofuna chakudya monga zinzache.

Ife kuno tidziwa mtundu wina wa nkhani. M'mwezi wa Ogasiti 1953, pa esiteti ina ya ku Luchenza, anthu awiri anagwidwa pa mlandu wa malalanje, ndipo kunabuka mbiri yakuti aphedwa ndi achifwamba. Anthuwo anali amoyo. Koma mbiriyo inagwera pa mitima yowawa kale ndi thangata ndi kusowa kwa minda, ndipo chipolowe chimene chinatsatira m'maboma a kumwera kuno chinatha anthu 11. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala 2017 kunabukanso mbiri ya anamapopa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera oyandikana nao, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa ndi makamu, ena a iwo alendo ongodutsa ndi odwala misala. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anaonetsedwa poyera ndi umboni.

Tsono inu amene muimirira pamaso pa anthu, munthu akadza kwa inu ndi nkhani yoopsa, musamseke, pakuti anthu a mseu aja akadasekedwa chabe choonadi chikadabisika, ndiponso musaifalitse. Mfunseni: Waona ndani ndi maso ache? Liti? Pamalo pati? Anali ndi yani? Chasiya chizindikiro chotani? Nkhani yoona ipirira mafunso awa, ndipo ikutsogolerani ku malo ache. Nkhani yabodza ithawa, nikhala nthawi zonse ya kumudzi winawo, yoonedwa ndi mlamu wa mnzache wa munthu wina.

Phunziro lachiwiri ndi la nkhalango. Ufiti, ngakhale anachokera kuti, anakhoza kukhala moyo zaka zonse zija chifukwa mitengo ya ku Limphasa inamdyetsa ndi kumbisa. Nafenso tinali ndi nkhalango yotere pa phiri la Thyolo, ndipo m'menemo munapezeka kambalame kamene akatswiri anakalemba m'mabuku ao mu 1927, nakapatsa dzina la phiri lathu, Cholo alethe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 nkhalango imeneyo inagwa ndi nkhwangwa pafupifupi yonse, ndipo zotsala ndi zidutswa zochepa, monga za m'minda ya Satemwa. Sitinena izi monyoza iwo amene anadula, pakuti tidziwa tonse kuti munthu wokhala pakati pa minda ya tiyi, wopanda pokhazika khasu, ayang'ana kuphiri. Koma akasupe amene anaphwa ndi nthaka imene inakokoloka sizifunsa kuti mwini mlandu ndani. Kumene kwatsala msitu, pa manda, m'mbali mwa mtsinje, kapena kuseri kwa sukulu, mafumu ndi mipingo agwirizane kuusunga ndi kubzala mitengo ya makolo, mbawa, mkuyu ndi katope, kuti adzukulu athu akadzafuna kudziwa zolengedwa za dziko lao, adzapeze nkhalango yolowamo.